Bodza la Lemmy Linabwerera ndi Chidindo

Pamsewu waukulu wodutsa m'mbali mwa Kalingalinga pali chitunda cha phula chimene onse amachitcha hampu. Galimoto ikafika pamenepo imachepetsa liwiro, ndipo woyendetsa, posowa chochita ndi maso ake, amacheukira kumanzere. Chimene wachiona kumanzereko ndicho amadzagula tsiku limene wafuna kukometsa nyumba. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, chimene anthu ankachiona chinali mageti a Eugene, wowotcherera zitsulo.

Lemmy Sakala, kalipentala, anali ndi malo oyandikana nawo, mapazi makumi awiri okha kutsogolo. Koma mapazi makumi awiri amenewo ndi pamene woyendetsa amakumbukira kuti wachedwa n'kupondanso mafuta. Mabedi a Lemmy, makabati ake, matebulo ake onyezimira vanishi, zonse zinkangolandira fumbi la anthu amene anali atagoma kale ndi mageti a Eugene.

Malo a m'mbali mwa msewuwo analibe mapepala. Lamulo linali limodzi, ndipo ngakhale palibe anali atalilemba, palibenso anali atalithyolapo: malo akagona usiku umodzi opanda katundu alibenso mwini, ndipo woyamba kuikapo chinthu m'mawa ndiye mwini watsopano. N'chifukwa chake madzulo aliyense akamatuta malonda ake ankasiyapo chinthu chimodzi cholemera, chomangidwa ndi tcheni. Lemmy ankasiya benchi lake lopalirapo matabwa, atalimangirira ku mtengo wa jakaranda. Eugene ankasiya chigeti chadzimbiri chimene mwini wake sanabwerenso kudzachitenga. Ngakhale pamene Eugene anapita ku Petauke kukaika amayi ake n'kukhalako masabata atatu, chigeticho chinatsala pa hampu chikulondera.

Chimene chinathetsa chipiriro cha Lemmy chinachitika Lolemba m'mawa. Mayi wina wa galimoto yaikulu yoyera anaima pa hampu, natsitsa galasi, n'kufunsa Eugene kumene angapeze bedi labwino la mtengo wa mukwa. Lemmy anamva ndi makutu ake, ali chiimire pambali pa bedi labwino la mukwa. Eugene anakanda m'mutu, naganiza mozama, n'kumulozera mayiyo ku komboni ya Mtendere.

"Mudala, ine sunanione?" anafunsa Lemmy galimoto itapita.

"Ah, nenze naiwala kuti upanga mabedi," anatero Eugene, akutsitsira kumaso magalasi ake akuda. "Nenze kuganiza ni vosungirapo fumbi."

Masana a tsiku lomwelo Lemmy analowa m'kabati ya zovala imene anali atangoimaliza, nadzitsekera. Anakuta foni ndi mpango, anatsitsa mawu mpaka anafika m'mimba, n'kuyamba kujambula.

"Abale banga ba mu Kalingalinga, dzina langa siningakambe. Mulamu wanga asebenza ku kanso. Pa Chisanu kubwera motoka kutenga vansimbi vonse vili pa mseu, mageti, mawindo, vonse. Vamapulanga sibazagwira. Chosani vinthu vanu pa Chinayi madzulo. Osakamba kuti nine nakuuzani."

Anaumvetsera kawiri uthenga wa a khonsolo odzalanda zitsulowo, nakhutira. Munthu wa m'menemo ankamveka ngati mkulu wa mpingo amene sananamepo chibadwire. Kuti uoneke ngati wachokera kutali, anautumiza kaye ku foni yake yakale ya galasi losweka, n'kuubwezanso, kuti ukhale ndi kachizindikiro kaja kosonyeza kuti wadutsa m'manja ena. Chinatsala ndi munthu woti aunyamule, ndipo ameneyo sanamufune nthawi yaitali.

Ba Chisenga ankagulitsa maluwa a m'miphika kuseri kwa mzere wa amisiri, pafupi ndi ngalande. Anali m'magulu khumi ndi limodzi a WhatsApp: la mpingo, la kwaya, la chitetezo cha m'dera, la makolo a pasukulu imene ana awo anachokako kalekale, ndi ena. Chilichonse cholowa m'foni yawo chinkatulukira m'makomo khumi ndi limodzi tiyi asanazizire.

"Ba Chisenga, nalandira ichi," analemba Lemmy. "Kaya ngati ni vazoona. Musatumizeko banthu."

Mphindi zinayi zisanathe, anamva mawu ake omwe akutuluka m'foni ya wometa tsitsi kutsidya kwa msewu.

Lachiwiri lonse nkhani inali imeneyo. Owotcherera zitsulo ankaima awiriawiri, mitu itagundana pa foni imodzi. Akalipentala ankawapepesa ndi nkhope zosabisa chimwemwe. Koma Eugene ankawotcherera ngati munthu wopanda makutu.

"Wamvela vamene bakamba?" anafunsa Lemmy, akupukuta tebulo limene anali atalipukuta kale.

"Namvela."

"Manje uzachita bwanji? Ine nikumvelera chifundo, mudala. Mageti yonse aya."

Eugene anakweza magalasi pamphumi, namuyang'ana nthawi yaitali kuposa imene funsolo linkafuna. "Munthu alibe dzina. Mulamu wake alibe dzina. Elo akamba monga bamutsekera mu bokosi ya maliro." Anatsitsanso magalasiwo. "Akauka abwere anikambire pamaso."

Lemmy anaseka nawo, koma kuseka kwake kunatha msanga.

Lachitatu m'mawa bodza lija linabwerera kwa mwini wake, litakula moti sanalizindikire msanga. Silinalinso mawu a m'kabati. Linali kalata ya Chingerezi yotayipa bwino, ya mutu wa zilembo zikuluzikulu ndi chidindo chabuluu kumunsi. Inafika katatu: kuchokera ku gulu la akalipentala, ku gulu la abambo a mpingo, ndi kwa mkulu wake Sydney wa ku Matero, amene anawonjezapo mawu awiri akuti, "Mufana, chenjera."

Kalatayo inkati a khonsolo abwera Lachinayi, sikisi koloko m'mawa. Adzachotsa zitsulo, matabwa, ndi chilichonse chokhala m'mbali mwa msewu. Tcheni chilichonse chidzadulidwa, katundu womangidwayo adzakwezedwa m'galimoto, ndipo mwini wake adzakwera nawo.

Poyamba Lemmy anaseka. Kenako anawerenganso mawu akuti matabwa, ndipo analeka kuseka. Cha m'ma teni koloko, tsamba lina la pa Facebook lotchedwa Kalingalinga Lero linatulutsa chithunzi cha chigalimoto chogumulira nyumba chikuphwanya masofa, pamwamba pake atalemba kuti ku komboni ya George ayamba kale. Pansi pake anthu mazana anali atayankhapo. Wina ankati azakhali ake ataya mabedi asanu ndi limodzi. Wina ankati waona yekha magalimoto akumwetsedwa mafuta.

Lemmy anakhala pa benchi lake, nayamba kulingalira mwadongosolo, monga amachitira poyeza thabwa. Iye ananama za Lachisanu, apa akuti Lachinayi. Iye sanatchule nthawi, apa nthawi ilipo. Iye anati matabwa sadzakhudzidwa, apa akuti adzakhudzidwa. Wabodza mnzake akanangobwereza zimene wamva. Koma uyu ankakonza zolakwika, ndipo munthu amakonza zolakwika akamadziwa zoona zake. Maganizo amenewa anamuoneka owongoka kwambiri moti anadzuka, nasiya ntchito, n'kupita kwa mkazi wake.

Tamara anali ndi kashopu kotayipa ndi kuchita fotokope pafupi ndi msika. Tsiku lililonse m'manja mwake munkadutsa makalata ofunsira ntchito, ziphaso za masukulu, mapepala enieni ndi ena amene ankangofunitsitsa kuoneka enieni, moti anali ataphunzira kununkhiza pepala asanaliwerenge.

"Bamake Miracle, onako ichi," anatero Lemmy, akumupatsa foni.

Tamara anakuza chithunzi cha kalatayo ndi zala ziwiri, nayang'ana pamwamba, nayang'ana pansi. "Siku ili kuti?"

"Pa Chinayi, si apo balemba?"

"Siku yamene kalata inalembedwa. Kalata ya ofesi imakhala na siku, na nambala, na dzina ya wamene wasaina. Iyi ili chabe na kamzere monga nkhuku yapalasa. Elo onani, Kalingalinga bailemba mitundu iwiri mu pepala imodzi."

"Koma chidindo chilipo."

"Chilipo." Anachikuza chidindocho mpaka chinadzaza galasi lonse la foni. Zilembo za m'mphepete zinali zitafufutidwa, koma pakati pake, mosaoneka bwino, panali kabakha kovala chipewa. "Batate ba Miracle, kanso yanu inayamba liti kudinda na bakha? Ichi ni chidindo cha sukulu ya bana bang'ono."

Lemmy anayang'anitsitsa kabakhako. Kankaoneka kosangalala.

"Koma yabwera kuchokera kutatu," anatero. "Na ba Sydney ku Matero baiona."

"Ba Sydney baitenga kuti? Bafunseni."

Lemmy anafunsa. Sydney anayankha kuti anailandira kwa mlamu wake, amene ali m'gulu la abambo a mpingo wa ku Kalingalinga. Amene anaiika m'gulu la abambo a mpingo anali kalipentala wa m'gulu la akalipentala. Tamara anatenga pepala limodzi, naliika m'makina, nadina. Makinawo analira n'kulavula mapepala atatu, ndipo iye anawayala patebulo.

"Mboni ni zingati apa?"

"Zitatu."

"Batate ba Miracle."

"Imodzi," anatero Lemmy motsitsa.

Chithunzi cha chigalimoto chija Tamara anachiika pa kompyuta, nachifufuza pa intaneti kuti aone kumene chinayamba kuonekera. Chinatuluka pamasamba ambiri, ndipo lakale kwambiri linali la zaka zinayi zapitazo, m'dziko lina lakutali. Pa chithunzi chathunthu, chosadulidwa m'mbali, zikwangwani za masitolo zinali za Chifalansa, ndipo magalimoto ankayenda mbali ya kumanja.

"Mu George banayamba liti kukamba Chifalansa?" anafunsa Tamara. Kenako anatsegula tsamba la Kalingalinga Lero n'kutsika nalo mpaka pansi. Linatsegulidwa mwezi wathawu. Lisanayambe kulengeza nkhani za khonsolo linkagulitsa mawigi ndi tiyi wochepetsa mimba.

Lemmy anapuma mpweya waukulu, natambasula dzanja kuti atenge foni yake. Tamara sanaipereke.

"Tikalibe kusiliza. Chithunzi chinabadwa ku kalata. Kalata inabadwa ku voisi ija ya pa Mande. Manje tiyende kumene vinayambira."

"Aa, ija siyofunika."

"Ndiye yofunika. Nkhani yonse yaima pa munthu uja."

Analumikiza foni ku timasipika ta kompyuta, ndipo mawu a mkulu wa mpingo amene sananamepo chibadwire anadzaza kashopu konse. Lemmy anayang'ana kudenga ngati waona kuti malata akufunika kukonza. Munthu wa m'kabati uja atatsala pang'ono kumaliza, pakati pa mawu akuti madzulo ndi akuti osakamba, anatsokomola kamodzi, kachifuwa kouma ka utuchi. Tamara anabwezera m'mbuyo. Kachifuwako kanalira kachiwiri. Anabwezeranso. Kanalira kachitatu.

"Chifuwa ichi," anatero pang'onopang'ono, "nagona nacho pa bedi imodzi zaka fotini."

Lemmy anayesa kudabwa, koma nkhope inamukanira. Anakhala pa mpando wa makasitomala. "Nenze kufuna chabe Eugene achoseko geti usiku umodzi."

Tamara anaseka mpaka anakhala pa katoni ya mapepala. Anapukuta misozi, nayang'ana mwamuna wake, n'kuyambanso. "Ndiye mwasiya nchito, mwayenda mu dzuwa, kubwera kunifunsa ngati boza yanu ni yazoona?"

"Yanga ni boza, sinikana. Koma kalata si yanga. Chithunzi si changa."

"Ni bana ba boza yanu."

"Nanga ngati ninanama vazoona? Kapena benze bakonza kale, ine nangoponda pamene pali chinthu osadziwa."

"Ofesi ya khansala ili apa chabe, maminitsi teni na mendo. Yendani mukafunse."

"Awe!" Lemmy anadzuka ngati wakhala pa msomali. "Ukabafunsa wabakumbusa. Bazakamba ati, zoona, banthu baja bakhalisa pa mseu, tiyeni tikabachose."

Tamara anamuyang'ana, napukusa mutu, n'kumubwezera foni. "Ndiye mvelani. Voisi ni yanu, chidindo ni cha bakha, chithunzi ni cha ku Bafalansa. Kulibe motoka yamene ibwera. Benchi ikhale pamene ili. Mwamvela?"

"Namvela."

Ndipo anamvadi. Anabwerera kumsewu ali wolimba mtima, akuimba likhweru, akumvera chisoni anthu osadziwa kufufuza zinthu. Akanatha tsiku lonse ali choncho chikanakhala kuti kumwamba kunalibe mitambo.

Cha m'ma thiri koloko kunada kumbali ya Mtendere. Lemmy anali ndi kabati imodzi yosapaka vanishi, ndipo thabwa losapaka likanyowa limachita mawanga. Anaikweza pa wilibala n'kupita nayo kunyumba. Pobwerera anapeza Eugene wasiya kuwotcherera, magalasi ali pamphumi, akumuyang'ana. Patapita kanthawi Eugene naye anakweza mafelemu awiri a mawindo pa wilibala yake, nalowa nawo m'kanjira.

Mtima wa Lemmy unadumpha ndi chimwemwe. Nsomba yadya nyambo. Koma chimwemwecho chisanakhazikike, ganizo lina linachikankha. Eugene sakhulupirira kanthu. Sakhulupirira za nyengo za pa wailesi, sakhulupirira sikelo ya kubutchala, dzulo lomweli wanyoza munthu wa m'bokosi la maliro. Ngati munthu wotere wayamba kututa katundu dzuwa likanali pamutu, ndiye kuti wamva chinthu chimene sichili pa foni. Lemmy anayang'ana bedi la mukwa lija. Analimasula, nalikweza pa wilibala.

"Uthawa?" anafunsa Eugene atakumana m'kanjira.

"Awe, ni mvula chabe. Iwe?"

"Penti. Nifuna nikapentere kunyumba."

"Mafelemu yopenta kale?"

"Koti yachiwiri."

Eugene anabwerera n'kunyamula geti limodzi. Lemmy ataona, ananyamula matebulo awiri. Eugene ataona, ananyamula makina ake owotcherera. Amisiri ena a mzerewo, amene tsiku lonse ankadikira kuti aone chimene awiriwa achite, anaona kuti ngakhale Eugene wagonja, ndipo msewu wonse unasanduka wa mawilibala. Mvula siinagwe n'komwe. Mitambo inapita kukagwetsera kwina, koma palibe anayang'ananso kumwamba.

Pofika faifi koloko, pa hampu panatsala chigeti chadzimbiri chokha, ndipo pa jakaranda panatsala benchi. Eni ake anaima aliyense pambali pa chake, manja m'matumba, akukamba za mpira. Apo mafoni onse awiri analira pamodzi. Kanali kakanema ka magalimoto akuluakulu atandanda pamalo omwetsera mafuta, kojambulidwa ndi munthu wa dzanja lonjenjemera. Lemmy anakumbukira zimene anaphunzira masana, nayesa kufufuza chikwangwani kapena nambala ya galimoto, koma kakanemako kanali kachimbuuzi ndipo kankatha asanaone kanthu. Anaganiza zopita nako kwa Tamara. Anakumbukira katoni ya mapepala ija ndi misozi ya kuseka, naleka.

M'malo mwake anapanga nzeru ina, imene inamuoneka yoposa zonse za sabatayo. Benchi akalichotsa, magalimoto akabweradi, lapulumuka. Akapanda kubwera, iye adzakhala ali pafupi ndi benchi pa wilibala, ndipo sikisi koloko ikangodutsa adzathamangira nalo pa hampu Eugene asanakoke chigeti chake cholemera. Uku apulumuka, uku apambana. Chofunika n'chakuti Eugene naye amasule tcheni.

"Ine benchi iyi niichosa," anatero mosasamala. "Osati kuti niopa. Mwendo umodzi ugwedera."

"Na ine geti iyi mwine wake anatuma foni," anatero Eugene. "Ati aifuna."

"Pambuyo pa zaka seveni?"

"Anali ku Kitwe."

Maloko awiri anatseguka nthawi imodzi. Chigeticho chinali cholemera kwambiri moti Lemmy anachita kumuthandiza mnzake kuchikweza pa wilibala, ndipo Eugene naye anagwirako benchi. Anatsazikana mwaulemu umene anali asanapatsanepo. Kunyumba Lemmy analisiya benchilo kuseri kwa chimbudzi, kumene Tamara sakanaliona polowa.

Lachinayi kusanache bwino, Lemmy anali atabisala kale kuseri kwa shopu ya wometa tsitsi, benchi lili pa wilibala, manja ali pa zogwirira. Atacheuka anapeza kuti kuseri kwa shopu yomweyo kuli wilibala ina, chigeti chadzimbiri chili pamwamba, Eugene ali pa zogwirira.

"Mwauka bwanji, ba Eugene?"

"Bwino, ba Lemmy. Mwendo wa benchi wapola?"

Onse awiri anasuzumira kutsidya kwa msewu. Kuyambira pa hampu mpaka pa jakaranda panali miphika ya maluwa itandanda mizere itatu, yaikulu kumbuyo, yaing'ono kutsogolo, ina yopakidwa laimu dzulo lomwelo. Pakati pake ba Chisenga, atamanga chitenje pamwamba pa juzi, ankathirira ndi kachitini koboolaboola, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

"Basiye," ananong'ona Lemmy. "Motoka ikabwera izabaphwanyira vonse."

Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, analakalaka ndi mtima wonse kuti bodza lake likhale loona. Sikisi koloko inakwana. Kunadutsa galimoto ya buledi. Hafu sikisi kunadutsa minibasi zodzaza anthu opita m'tauni, ndi bambo wina wa njinga atanyamula makala. Seveni koloko inakwana, kenako eyiti. Galimoto yofiira inachepetsa liwiro pa hampu, woyendetsa anacheukira kumanzere, naima, natuluka, n'kubwerera m'galimoto atakumbatira mphika wa maluwa achikasu.

Eugene anakhala pansi pa zogwirira za wilibala. "Kalata ija nine ninalembesa," anatero osayang'ana mnzake. "Ninakudziwa pa Mande pamene. Ndiwe weka mu mseu uno ukamba ati abale banga ukafuna kuchita choipa. Nenze kufuna uone mwamene chimamvekera."

"Na chidindo?"

"Cha ku sukulu kwamene basebenza bakazi banga. Ninafutako malemba."

"Bakha unaiwala."

"Inali ing'ono."

Lemmy anayesa kukwiya, koma panali funso lina limene linkamuvuta kuposa mkwiyo. "Manje ngati kalata ni yako, unathawa chani?"

"Chithunzi chija. Na vidiyo. Ninaganiza kuti kapena nalemba vazoona osadziwa. Elo ninakuona utenga kabati." Anakweza mutu. "Si iwe unaika chithunzi?"

"Ine nenze kuganiza ni ba kanso."

Onse awiri anayang'ana galimoto ina imene inali itayamba kale kuchepetsa liwiro. Kenako anadzuka, nawoloka msewu akukankha mawilibala awo, amisiri ena amene anali atayamba kubwerera m'malo awo akuwaonerera. Amenewo malo awo anawapeza, chifukwa palibe ankawasirira.

"Mwauka bwanji, bana banga?" anatero ba Chisenga mokoma. "Samalani miphika iyo."

"Ba mayo, apa ni panga," anatero Eugene.

"Na paja ni panga," anatero Lemmy.

"Nenze kudziwa tero na ine. Koma nabwera faifi koloko napeza palibe na msomali. Nafunsa ba mulonda ba usiku, bakamba ati pagona chabe." Anathirira mphika wina. "Lamulo si ine ninapanga."

Awiriwo anayang'ana kwa amisiri anzawo, koma aliyense anali atapeza mwadzidzidzi chinthu choti akhome. Lamulo limene linamusungira Eugene malo masabata atatu a maliro silikanasintha lero chifukwa cha eni ake.

"Koma imwe simunaope?" anafunsa Lemmy. "Kalata inakamba ati chilichonse."

"Kuopa chani? Pa Chiwiri m'mawa ninayenda ku ofesi ya khansala. Ninabayimbira voisi ija. Ba kalaliki banaseka, banatuma na foni ku tauni ine nili pamenepo. Ati kulibe vaso. Dzulo nabwererako na kalata, baseka futi, banionesa na kabakha."

"Pa Chiwiri?" Mawu a Lemmy anakwera mpaka anafanana ndi a mwana. "Munadziwa kuchokera pa Chiwiri? Manje chifukwa chani munapitiliza kutumiza? Kalata, chithunzi, vidiyo, vonse vinapita mu foni yanu!"

"Ine nimatumiza chabe, mwana wanga. Vikabwera, nipereka. Sininakambeko ati ni vazoona, elo kulibe ananifunsa." Anaika kachitini pansi, nawongola msana. "Ofesi siinasamuke. Aliyense ali na mendo yake."

"Chithunzi ndimwe munaika?" anafunsa Eugene.

"Ine? Na kujambula sinidziwa. Muchoseko wilibala, mwaphimba maluwa, motoka ibwera."

Anachotsa mawilibala. Anaima pamphepete pa msewu, kalipentala ndi wowotcherera zitsulo, aliyense ndi chinthu chake cholemera ndi tcheni chake, opanda pochimangirira. Ndipo ganizo limodzi linawafikira onse awiri nthawi imodzi: ngati miphika yonse ili kuno, ndiye kuti kuseri kuja, pafupi ndi ngalande, pali malo opanda mwini.

Sanayang'anane. Lemmy anatembenuza wilibala, Eugene anatembenuza yake, ndipo anthu a m'kanjira anachita kudumphira m'mbali. Benchi ndi lopepuka kuposa geti. Lemmy anafika poyamba, nagwetsa benchi pa dothi lonyowa lomwe linali ndi zizindikiro zozungulira za miphika, nakhalapo akupuma wefuwefu. Anali atapambana. Malowo anali pakati pa ngalande ndi khoma la bala, ndipo galimoto yokhayo imene inkafikako inali ya opopa zimbudzi.

Patapita kanthawi Eugene anatulukira, thukuta lili chuchuchu, gudumu la wilibala litadzaza matope. Anaima, nayang'ana malowo, nayang'ana Lemmy.

"Mudala," anatero, "sendezako pang'ono."

Lemmy anayeza malowo ndi maso, kuyambira pa ngalande mpaka pa khoma. Anadzuka, nagwira mbali imodzi ya benchi.

"Gwira uko," anatero. "Koma mbali ya ngalande ni yako."